Mabuleki, Sipuleya ya Alamu ndi Mimba ya Delfina

Lolemba

Mabuleki a karinya yanga, kagalimoto kanga ka katundu, afewa ngati nthochi yakupsa. Ndikaponda, phazi likungopita mpaka pansi. Ndikapopa kangapo ndiye agwirako pang'ono. Dzulo pochokera ku tchalitchi wandiimitsa ndi mulu wa mchenga wa pakhomo.

Nthawi yake ndi yoipa. Delfina, mwana wanga woyamba, ali kuno kwathu ndi mimba yoyamba, yatsala pang'ono. Anamwino a pa postu, kachipatala kathu kakang'ono, anena kuti mwana wakhala chopingasa, ndiye asachilire kuno, apite ku chipatala chachikulu ku vila, ku tauni ya Milange, akadikirire komweko. Mwamuna wake Zakariya ali kutsidya kwa Ruo kogulitsa nyemba, foni yake imagwira ikafuna. Wonyamula ndine. Ndipo msewu wa ku vila uli ndi mtsetse uja wotsikira pa mlatho wa matabwa, wokhota pansi pake. Popanda mabuleki pamenepo, ulendo wake ndi wa mumtsinje.

Vuto ndikulidziwa: mpweya walowa m'mapaipi. Kuuchotsa sikovuta, koma kumafuna anthu awiri, wina aziponda pedulo, wina kunsi kwa galimoto azimasula kabawuti ka pa gudumu.

Ndapempha amake Delfina. Zotsatira zake:

koyamba aponda kilatchi;
kachiwiri aponda bwino, koma asiya ndisanamange, mpweya wina walowanso;
kachitatu nkhumba yalowa m'khitchini, iwo atsika kukaithamangitsa osandiuza, ine ndili chagada kufuulira mpando wopanda munthu kuti "Gwirani! Gwirani!"

Ndalankhula mawu. Iwonso alankhula awo. Akuti bondo lawo silinabadwire galimoto, ndipo mawa akwera shapa, galimoto ya matola, ndi mwanayo. Shapa! Munthu wa pakati akapanikizane ndi matumba a chinangwa ndi mbuzi, bambo ake ali ndi galimoto pakhomo? Ndakana. Anamwino anati masiku akadalipo.

Madzulo pafoni ndaona kanema wa mzungu akuchotsa mpweya yekha. Wathira mafuta a mabuleki m'sipuleya ya kudimba, paipi yake wailumikiza pa chitsekero cha kathanki ka mafutawo, wapopa, mafuta n'kumadzikankha okha m'mapaipi monse. Iye akungoyenda gudumu ndi gudumu kumasula. Palibe woponda, palibe wokangana naye. Chingerezi chake sindikuchimva koma manja ndikuwaona. Netiweki yathawa kanemayo asanathe, komabe mutu wa nkhani ndaugwira.

Zofunika: sipuleya, vavu ya chubu chakale, kapaipi koonekera mkati, botolo lopanda kanthu. Tsiku limodzi basi. Lachitatu tili pa msewu.

Lachiwiri

Sipuleya ali nayo ndi alamu a Bonifasiyo, achimwene awo a amake Delfina. Amaisunga kuchipinda, yokutidwa ndi thumba, ngati wailesi. Ndawauza kuti ndikufuna kupopera chiswe m'khola. Andiyang'ana nthawi yaitali. Akuti Lachinayi ibwerere, tomato wawo kudimba wayamba kugwidwa ndi kangaude.

Kutsuka kwake! Fungo la mankhwala silikuchoka. Sopo, madzi otentha, sopo kachiwiri. Kenako kuyanika padzuwa, chifukwa mafuta a mabuleki sagwirizana ndi madzi. Dzuwa lenilenilo ndi la nyengo yozizira, lowala koma lopanda mphamvu.

Vavu ndadula ku chubu cha njinga. Chatsala ndi kuboola chitsekero. Mzungu uja anaboola ndi makina. Ine ndawotcha msomali pa mbaula. Pulasitiki yasungunuka msanga kuposa mmene ndimaganizira, ndipo bowo lakula. Vavu ikugwedezeka ngati dzino la mwana wa sukulu.

Delfina wakhala pakhonde, miyendo yotupa ili pa mpando, akusoka kachipewa. Wandiyang'anitsitsa, kenako akuti, "Ababa, chitsekero chinanso chilipo?"

Palibe. Chinali chomwecho.

Ndadula timphira ta chubu, kamodzi pansi kamodzi pamwamba, ndathira guluu mozungulira. Chala chamkombaphala chamatana ndi chachikulu. Ndalekanitsa ndi lezala.

Amake Delfina atulutsa beseni latsopano, nsalu, matewera. Akuchapa zonse kuti zifewe. Sakundilankhula za galimoto. Akulankhula ndi nkhuku, koma mokweza: akuti pali anthu ena amayamba kusula khasu mvula itagwa kale.

Ndamva. Makina aima bwino, akuoneka ngati a m'sitolo ukawaonera patali.

Lachitatu

Tsoka.

M'mawa ndathira botolo lonse la mafuta m'sipuleya, ndamanga chitsekero pa kathanki, ndayamba kupopa. Funso n'lakuti: kupopa mpaka pati? Mbali imeneyo ndi imene netiweki inadya. Sipuleya ya alamu ilibe kawotchi koonetsa mphamvu. Ndapopa monga amapopera eni ake kudimba, mpaka mkono kulimba.

Kathanki kayamba kufufuma. Ndaweramira kuti ndione bwino.

Phuu! Chitsekero chauluka, chakatera padenga la nkhokwe. Paipi ikuvina yokha ngati njoka yopondedwa mchira. Mmene ndimaigwira, mafuta afika kale:

pa injini;
pa penti wa kutsogolo;
m'diso langa lamanzere;
pa chingwe choyanikira, pa matewera onse ndi nsalu ziwiri zatsopano.

Diso ndalitsuka ndi ndowa yathunthu. Lafiira ngati la chidakwa. Penti wayamba kukwinyika, ukakhudza akusendeka ngati khungu la nkhuku yothiridwa madzi otentha. Ameneyu ndi penti amene ndamusamala kuyambira tsiku limene ndinagula galimotoyi.

Amake Delfina sanakuwe. Bola akanakuwa. Ayanula chimodzichimodzi, anunkhiza, aika m'beseni, atumiza Delfina m'nyumba kuti asapume fungolo. Podutsa pafupi nane anena chapansipansi: "Lachisanu, bambo a Delfina. Likadutsa Lachisanu sindikufunsaninso."

Chitsekero ndachitsitsa ndi nsungwi. Sichinasweke, vavunso ikadalipo. Ndiye kuti guluu ndi wabwino, cholakwa ndi mkono wanga. Izi n'zolimbikitsa.

Mafuta atha. Otsala m'sipuleya sangadzaze chikho.

Madzulo Delfina wandiikira mchere m'madzi ofunda kuti ndisambitse diso. Akuseka, akuti mdzukulu akadzandiona ndi diso limeneli adzabwerera komwe wachokera. Ndasekanso.

Lachinayi

Chiperoni. Kamvula kosalekeza, mapiri sakuoneka, nthaka yayamba kuterera. Matewera ochapidwa kachiwiri sakuuma, apachikidwa m'khitchini, akununkha utsi.

Ndapalasa njinga mpaka ku msika wa ku Majaua kukafuna mafuta. Wogulitsa alipo mmodzi, amagulitsanso machubu, mabatire ndi mankhwala a makoswe. Mabotolo ake ndi a mitundu iwiri. Ndamufunsa kusiyana kwake, akuti lina ndi lofiira lina ndi loyera. Ndatenga ofanana ndi akale. Pobwerera ndagwa kamodzi m'matope, koma mabotolo ndinawakumbatira.

Ndili komweko alamu abwera kudzatenga sipuleya. Mlongo wawo wawatengera kuseri n'kuwaonetsa zonse. Asiya uthenga: chiswe cha m'galimoto chikatha, ndikumbukire kuti kangaude wa kudimba sakudikira. Abweranso Loweruka m'mawa, ndipo sabwerera chimanjamanja.

Chitsekero tsopano sichiulukanso. Ndaika kathabwa pamwamba pake, ndakulunga ndi malegeni kuzungulira pansi, ndamanga ngati katundu wa pa njinga. Ndayesa ndi mpweya wokha, kupopa pang'ono kwambiri, monyengerera. Sikukutuluka kanthu. Khutu ndagunditsa pomwepo, zii.

Kuti mawa ndisataye nthawi ndakweza galimoto pa njerwa, ndachotsa magudumu onse anayi. Ikuoneka ngati ng'ombe yogona.

Delfina lero sanakhale pakhonde. Akuyendayenda, dzanja lili pamsana. Ndamufunsa, akuti palibe kanthu, ndi kuzizira chabe. Amake amuyang'ana, kenako ayang'ana galimoto yopanda magudumu, kenako ine.

Zakariya sakupezeka pafoni. Ndayesa pachulu, ndayesa pafupi ndi mtengo wa mango pamene imagwira masiku onse. Mzimayi wa pafoni uja akungobwereza Chipwitikizi chake chomwecho.

Chikwama cha kuchipatala chaikidwa pafupi ndi chitseko. Potuluka ndikuchita kuchilumpha.

Lachisanu

M'mawa. Zikutheka!

Gudumu la kumbuyo: ndaveka kapaipi pa kabawuti, mbali ina m'botolo, ndamasula pang'ono. Mafuta akuda akale akutuluka, kenako thovu, thovu, thovu, kenako mafuta oyera oyenda mwaulemu. Popanda woponda! Ndamanga. Lina la kumbuyo chimodzimodzi. Ndaitana amake Delfina kuti adzaone thovu. Akuti thovu analiona kale pochapa matewera.

La kutsogolo kumanzere, bwinobwino. Ndalowa m'galimoto kukayesa pedulo, ikuoneka kuti yalimbako. Ndikuimba nyimbo ya pa Gloria. Latsala limodzi.

Masana. Kabawuti komaliza kadyedwa ndi dzimbiri. Sipanala ikuterereka. Ndathira parafini, ndadikira, ndagogoda, ndagwira ndi pulayala. Kamasuka. Thovu latuluka, mafuta oyera afika. Ndikumanga. Ndati ndiwonjezere pang'ono kuti kalimbe.

Thyo.

Mutu wake uli m'pulayala, thunthu latsala mkati, ndipo silinatsekeke. Mafuta akutuluka, sipuleya ikukankhabe, makina anga akugwira ntchito bwino kwambiri potaya mafuta anga onse pansi. Ndatseka bowo ndi chala. Sipuleya ili mbali inayo, sindingaifikire. Ndikachotsa chala, mafuta apita. Ndikapanda kuchotsa, ndigona pomwepa.

Ndaitana. Amake Delfina ali kuchitsime. Wabwera ndi Delfina, pang'onopang'ono, atagwira khoma. Ndamuuza pomasula. Waweramira movutika, mpweya wapsii, kenako wakhala choweramira chomwecho, dzanja pa galimoto, akupuma ndi pakamwa. Ine ndili pansi, ndikungoona mapazi ake otupa m'matope. Nditamuitana kachiwiri ndi pomwe wayankha kuti zadutsa.

Madzulo. Potseka bowo ndayesa msomali, sikulu ya pa chitseko, kamtengo kosongola. Zonse zikudontha. Pedulo ikugwa pansi osapeza chilichonse panjira, kuposa Lolemba.

Amake Delfina anena kuti mawa m'mawa akwera shapa yoyamba. Sanafunse, monga analonjezera. Ine ndangoti ndiwanyamulira chikwama mpaka pa msewu.

Loweruka

Matenda ayamba kusanache bwino. Azimayi awiri oyandikana nafe alowa m'nyumba, ine ndatulutsidwa panja.

Ndathamangira ku msewu. Shapa kulibe. Munthu wa njinga akuti yatitimira m'matope kumtunda uko kuyambira dzulo, akuifukula ndi makasu. Ina kulibe. Mota, njinga yamoto, ilipo, koma munthu wotere sungamukhazike pa mota.

Ndabwerera chothamanga, ndayamba kubwezeretsa magudumu. Manati akugwera m'matope. Maganizo anga: ndipane paipi ya gudumu lothyokalo ndi pulayala, ndithire mafuta otsala, tiyende ndi mabuleki a magudumu atatu ndi a m'manja, pa mtsetse ndiike giya yoyamba. Mwina zitheka. Mwina.

Ndili pa gudumu lachitatu, amake Delfina atuluka, atsegula chitseko, azula kiyi, amanga pa ngodya ya chitenje.

"Mwana wanga sakwera mmenemo."

Ndayamba kufotokoza za giya yoyamba. Sanaime kuti amve. M'nyumba Delfina wabuula, mawu amene sindinawamvepo kwa iye chibadwire. Ndangokhala pa gudumu lotsalalo.

Nthawi yomweyo atulukira alamu, thumba lopanda kanthu lili m'khwapa, nkhope ya munthu wodzalanda katundu wake. Amva kubuulako. Sanafunse za sipuleya. Ataya thumba, athamangira ku msewu, ine pambuyo. Patali tikumva lole ya ogula chimanga, yodzaza, ikubwera movutika. Alamu aima pakati pa msewu, manja tambasu. Lole ikuliza hutala, iwo osasuntha. Yaima chapafupi kwambiri moti akanatha kugwira galasi.

Dalaivala ndi wolankhula Chilomwe, wakwiya. Alamu amulankhula m'Chilomwe, m'Chipwitikizi, m'Chinyanja, mwina ndi m'Chilatini cha ku tchalitchi. Dalaivala watsitsa anzake awiri a kutsogolo, wabwerera chambuyo mpaka pakhomo.

Delfina ndi amake kutsogolo. Ine ndi alamu pamwamba pa matumba, pansi pa tenti yonyowa. Chikwama chili pamiyendo panga. Beseni tayiwala.

Msewu wonse matope. Lole ikuyenda ngati ikuganiza kaye. Tikadumpha dzenje ndikumva mawu ochokera kutsogolo. Alamu akuwerenga korona mosatulutsa mawu.

Mtsetse. Dalaivala waima pamwamba, waika giya, wayamba kutsika. Mabuleki akulira, psii, psii. Pakati pa mtsetse matayala a kumbuyo aterereka, lole yayamba kupita chammbali, ndikuona madzi ofiira pansi pa mlatho. Ndazindikira kuti phazi langa likuponda thumba la chimanga ndi mphamvu zanga zonse. Lole yawongoka. Matabwa a mlatho agunda pansi pathu. Tadutsa.

Iyi ndi lole ya mabuleki abwino, yolemera, ya dalaivala wodziwa. Za karinya yanga pamenepa sindikufuna kuziganiza. Alamu angondigwira bondo kuti ndisiye kuponda.

Ku chipatala Delfina amutenga pa kabedi ka matayala. Namwino wina wafunsa chifukwa chimene tachedwera, chonsecho tinauzidwa kale. Ndatsegula pakamwa. Amake Delfina ayankha msanga kuti ndi msewu, mvula yaononga msewu. Sanandiyang'ane.

Akuti ndi opaleshoni. Amake adinda chala papepala. Chitseko chatsekedwa.

Ndili pa benchi. Zikhadabo zakuda, diso lofiira, malaya onunkha mafuta. Anthu akundipatsa malo ambiri, mwina akuyesa wodwala ndine. Aliyense wovala zoyera akatuluka ndikuimirira. Zakariya wafika masana pa mota, matope mpaka m'makutu, uthenga anaulandira kwa munthu wa pa msika. Wagwada kundipatsa moni, wandithokoza kuti ndathamangitsa mkazi wake pa galimoto. Alamu atsokomola.

Chakumadzulo. Mwana wamkazi. Walira mochedwa, akutero, koma walira. Delfina wataya magazi ambiri, akugona, adzuka. Amake Delfina atuluka kudzatiuza, kenako akhala pansi penipeni pakhonde. Ndakhala nawo pomwepo. Amasula kiyi pa chitenje, andiponyera pamiyendo.

Lamulungu

Misa sindinapite. Tagona pakhonde la chipatala.

M'mawa andilola kulowa, atandisambitsa m'manja kawiri. Delfina watuwa, koma akulankhula. Mwana ndi wochepa, wamakwinya, wokwiya. Andipatsa kuti ndimunyamule, amake Delfina atagwirira pansi pa mikono yanga ngati ndimugwetsa. Wayang'ana diso langa lofiira, sanabwerere komwe wachokera. Wangoyasamula. Wakulungidwa m'nsalu imodzi ya zija, banga la mafuta likuonekabe m'mphepete.

Delfina ndi amake akhala ku chipatala masiku angapo. Ine ndi alamu tabwerera pa shapa chifukwa cha nkhumba. Ndinakhala pa thumba la usipa wouma njira yonse.

Pakhomo galimoto ili pa magudumu atatu ndi njerwa. Nkhuku zagona pa mpando. Pozithamangitsa ndaponda mphasa ya pansi pa mapedulo, yalira ngati matope. Ndakweza. Yanyowa mafuta. Ndaunika kumtunda, kuseri kwa pedulo ya mabuleki kukudontha, dontho ndi dontho. Ndiye kuti mphira ya mu pampu yeniyeni ya mabuleki yatha. Kaya inatha kale ndipo vuto silinali mpweya chiyambire, kaya ndaiphulitsa ndine Lachitatu, sindikudziwa. Palibenso amene ndingamufunse osandiseka.

Zofunika tsopano: pampu, kabawuti, chitsekero, penti, mekaniko wa ku vila. Zonsezo nyemba zikagulitsidwa.

Sipuleya ndaitsuka, ndaibweza ndekha. Alamu athira madzi, apopa. Chogwirira chikungolowa osalimba, madzi akutulukira m'mbali n'kuwanyowetsa buluku. Atsegula, kamphira ka mkati katupa ngati mandasi. Akuti ka mtundu umenewo kamapezeka kutsidya kokha, ndipo kangaude wafika kale mizere ya pakati.

Ndayamba kupepesa. Andidula. Akuti mdzukulu ndi wa tonse, zimenezo zatha, koma tomato ndi wawo okha. Makolo athu analibe masipuleya, akutero, ankaviika tsache m'ndowa n'kumawaza tsinde ndi tsinde, masamba pansi ndi pamwamba. Dimba lawo ndi lochokera pa njira mpaka kumtsinje.

Mawa m'mawa ndikapezeka kumeneko. Ndowa ndi yawo, tsache akuti ndibwere ndi langa.